Ku Muscat N'kosagona Panjira

Amayi anga sadziwa kilomita. Mukawauza kuti kwakuti ndi makilomita mwakuti, amangokuyang'anani ngati mwawatchulira mtengo wa chinthu chomwe sagula. Funso lawo ndi limodzi, lomwe amafunsa achikulire ambiri kwathu kuno ku Thyolo: kodi n'kogona panjira? Ngati munthu anyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa lisanalowe, kumeneko ndi pafupi, ngakhale mapazi atupe. Ngati agona pa depoti kapena kwa abale a m'njira, kumeneko ndi kutali, ndipo mwana wawo wamkazi sapitako.

Lamulo limeneli silinali lachabe, ine ndemwe linandipulumutsa. Nditakwatiwa ku Khonjeni, mwamuna wanga anayamba kundisandutsa ng'oma. Uthenga unawapeza amayi ali m'munda wa tiyi. Anatula dengu, anauza kapitawo kuti alembe zomwe akufuna kulembazo, nauyamba wapansi. Anafika dzuwa litapendeka, anakhala pakhonde osalonjera munthu, mpando anakana, madzi anakana. Apongozi anga atayamba za kuitana ankhoswe, amayi anangoti, "Ankhoswe akambirana pambuyo. Ine ndabwera kudzatenga mwana wanga." Tinabwerera limodzi, ine nditasenza ndowa ya ziwiya, iwo atabereka mdzukulu wawo. Kwathu zimakhala choncho. Mwana wamkazi akamazunzika, mayi ake amapita ndi miyendo yawo kukamutenga, ndipo palibe amene amawatsekera chitseko.

Tsono panali mng'ono wanga, chitsiriza cha amayi. Anamaliza Folomu 4, mayeso sanamuyendere bwino, nayamba kuthyola tiyi nafe pa esiteti. Koma iye anali wa ganyu ya nyengo yamvula. Masamba akachuluka amamulemba, chilimwe chikafika amamuuza kuti akapume, ngati kuti m'mimba namonso mumapuma. Namwino wina wa kumishoni atasamutsidwira ku Karonga anamupempha kuti apite naye akamulerere ana. Amayi anafunsa funso lawo, anamva kuti basi imayenda usiku wonse, anakana. Mnzake wa kusukulu anamuitanira ku Joni, amayi sanadikire n'komwe kuti amalize kufotokoza. Mwanayo anatupa masaya mwezi wathunthu. Tsiku lina ali pa sikelo yoyezera tiyi anandiuza kuti, "Achemwali, ine ndifera m'tiyi muno ngati inu," ndipo ndinamuyankha kuti ine sindinafe, koma mumtima ndinkamumvetsa.

Mayi wina wachilendo anabwera Lamulungu masana, kukugwa chiperoni. Galimoto yake anaisiya kutala chifukwa cha matope, anafika m'malaini, momwe timakhala antchito a pa esiteti, pa kabaza atanyamula nsapato kumanja. Anabwera naye ndi atsibweni athu, alongo awo a amayi, omwe amalondera ku fakitale. Atsibweniwo anati ndi a ejenti ochokera ku Limbe, amapezera atsikana ntchito kunja. Mayiyo anali atakulunga chitenje pamwamba pa buluku, anagwada polonjera amayi mpaka mawondo anada, ndipo asanayambe nkhani anapempha kuti tiyambe tapemphera. Pemphero lake linali lalitali kuposa la abusa. Ine ndinatsegula diso limodzi, ndinamuona akuyang'ana mng'ono wanga kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga amachitira ogula mbuzi.

"Ndi ku Oman, amama, mumzinda wa Muscat," anatero. "Ntchito ya m'nyumba basi. Kuchapa amachapa ndi mashini, kusesa mashini. Chipinda chake chake. Salale yake mwezi umodzi, inu kuno muthyole mpaka zala zithe."

Amayi sanagwedezeke ndi mashiniwo. Anafunsa, "Kumeneko n'kogona panjira?"

Mayiyo anaseka, anawomba m'manja ngati wamva nthabwala ya mwana. Anatulutsa foni yaikulu, anadina dina, naiika patsogolo pa amayi omwe sawerenga. "Onani apa. Mukanyamuka pa Chileka, mumatera pa Addis kukasintha ndege, kenako Muscat. M'mwambamo ndi maola eyiti, akachuluka naini. Akamwa tiyi kuno, chakudya chamadzulo akadyera konko. Ku Karonga munakana kuja ndiye kutali, amama. Ku Joni ndiye osanena. Uku ndi pakhomo."

Za ku Karonga anazimva kwa ndani? Ndinatembenukira atsibweni, iwo n'kumayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Mayiyo anabwera akudziwa kale funso la amayi, yankho ali nalo m'chikwama.

Ndinafunsa kuti, "Nanga ngati ndi pakhomo, bwanji mukuti akakhale zaka ziwiri osabwera ngakhale pa Khirisimasi?"

Sanayankhe iye, anayankha atsibweni. "Iwe, nsanjetu imeneyo. Banja linakukanika, ndiye ukufuna mnzako akalambire m'malaini muno ngati iwe?"

Kwathu atsibweni ndi eni mbumba, ndipo mkazi wobwerera kubanja mawu ake amapepuka ngati masamba ouma. Mng'ono wanga anali atagwada pafupi ndi amayi, maso ali mbee, manja atapinda. Amayi anafunsanso mwakachetechete, "Ndiye kuti atadwala, ine nditanyamuka m'mawa, ndikamuona tsiku lomwelo?"

"Tsiku lomwelo, amama. Mulungu ndi mboni."

Amati safunsa anadya phula. Amayi anga anafunsa, anafunsa kawiri, ndipo phulalo anawadyetsa ndi supuni. Zimenezi ndi zomwe zimandiwotcha mpaka lero. Anthu m'malaini akamanong'ona kuti anagulitsa mwana chifukwa cha dyera, ndimafuna kuwaponyera dengu kumaso. Amayi sanafunse za salale ngakhale kamodzi. Anafunsa ngati angakafike.

Za pasipoti ndi mapepala onse anayendetsa mayi yemweyo. Tsiku lonyamuka anatiuza kuti tisavutike kupita ku Chileka, tingotaya thiransipoti. Tinamuperekeza mwanayo mpaka pa siteji. Amayi anamumangira chinangwa chophika m'kansalu, anamukonza kolala ya bulauzi, namuuza anthu onse akumva, "Zikavuta ungonena. Ndibwera." Tinadzamva pambuyo pake kuti ndege inanyamuka masana, anakasintha usiku, n'kukafika mbandakucha. Ngakhale kusagona panjira kuja kunali bodza.

Masabata oyamba foni yanga inkangolira. Amatumiza zithunzi za khitchini yonyezimira, firiji yaitali kuposa chitseko chathu, msewu wopanda dothi. Atsibweni ankabwereka foniyo kukaonetsa anzawo ku fakitale, n'kumayenda chifuwa chili patsogolo ngati ndege anayendetsa ndi iwo. Ndinkangoti chikomekome cha mkuyu, koma ndinkanenera mumtima, kuopa kutchedwanso wansanje.

Kenako zithunzi zinasiya. Kunayamba kubwera mauthenga a mawu, onong'ona, madzi a pampopi akumveka kumbuyo chifukwa amajambulira m'bafa. Pasipoti anamulanda tsiku lomwe anafika. Nyumba sinali imodzi, akamaliza ya adona ake, amamutengera kwa mayi awo, Lachisanu kwa mchemwali wawo. Mashini analipodi, koma adona ankati amadya magetsi. Manja anang'ambika ndi mankhwala otsukira. Atapempha kuti abwerere kwawo, anamulanda foni. Kuyambira pamenepo tinkamumva mwa apo ndi apo kudzera pa foni ya mtsikana wa ku Uganda wogwira ntchito nyumba yoyandikana nayo, yemwe ankamupatsira pamwamba pa mpanda.

Zambiri ndinkawabisira amayi, ndinkangoti akupereka moni. Koma uthenga wina unabwera tili limodzi, sindinathe kuubisa. Mawu ake anali ofooka. "Achemwali, auzeni amayi abwere. Miyendo yatupa, ndikukanika kukwera masitepe, adona akuti ndikunama. Auzeni abwere adzanditenge."

Amayi anaumva kamodzi kokha. Sanalire. M'mawa mwake anapita kwa kapitawo kukapempha masiku awiri, lina lopitira, lina lobwerera. Ine ndinathamangira kwa aphunzitsi ena a pasukulu ya pa esiteti kukafunsa, iwo anandiuza kuti ulendo wotere umafuna pasipoti ndi tikiti, si wongodzuka. Nditawafotokozera amayi anati, "Amene anamutenga ndi amene andiperekeze. Anatchula Mulungu pakhonde panga."

Tinakwera minibasi ya ku Limbe. Ofesi ya mayi uja inali m'chipinda cham'mwamba kuseri kwa msika, tinali titaiona pa chithunzi. Tinapeza mukugulitsidwa mawigi. Mtsikana wogulitsayo anati iye wabwera posachedwa, sadziwa kanthu. Ndinaimba foni ya mayi uja kangapo, ulendo wina inayankhidwa. Nditangotchula za mwanayo, mawu aja a uchi anasanduka a munthu wina. "Kontirakiti ndi kontirakiti, mayi. Anasaina yekha. Atsikana a masiku ano ndi aulesi." Anadula. Nditaimbanso, foni inali yozimitsa. Ndinatukwana pamasitepe pomwepo mawu omwe sindingawalembe pano, mpaka wamawigi uja anatuluka kudzaona.

Amayi anandidikira kuti ndimalize, kenako anati, "Tiye ku Chileka."

Ndinkadziwa kuti sitikaphula kanthu. Koma amayi anga akanyamuka kukatenga mwana sabwezedwa ndi mawu, ine ndine mboni. Komanso ndisaname, penapake mumtima ndinkati kaya, mwina pali njira yomwe aphunzitsi aja sakuidziwa.

Anali atavala bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi. M'jumbo munali chinangwa, mafuta opaka miyendo, ndi chitenje chatsopano chokamufunditsa wodwalayo pobwerera. Pa Chileka anthu ankakoka masutikesi a matayala, ife tili ndi jumbo. Amayi anapita molunjika kwa bambo wina wovala yunifolomu yemwe anaima pakhomo, namufunsa kuti ndege ya ku Muscat ikwerekera pati. Ndinkayembekezera kuti atiseka kapena atithamangitsa. Koma bamboyo atamva kalankhulidwe kawo anafunsa kwawo, atamva kuti ku Thyolo anati iyenso ndi wa ku Masambanjati, nawalonjera m'Chilomwe. Anaitana mnzake kuti aime pamalo pake, anatikhazika pa benchi, nafunsa nkhani yonse.

Anafotokoza mofatsa. Pasipoti sipangidwa tsiku limodzi. Kuti munthu alowe m'dzikolo pamafunika chilolezo, ndipo chilolezocho sachipereka kwa aliyense wongobwera ndi jumbo. Anatchula mtengo wa tikiti, ine ndinangogwira pakamwa. Amayi akhoza kuthyola tiyi mvula iyi ndi inayo osaufika.

Amayi anamvetsera zonse, anagwedeza mutu, nati, "Chabwino, bambo. Ndegeyo ndi ya olemera, ndaisiya. Mundiuze msewu. Agogo anga anachoka ku Mozambique wapansi, ana kumsana, mphika pamutu, anafika. Ngati pa ndege ndi maola eyiti, pa basi ndi masiku angati? Awiri? Atatu? Ndigona panjira, palibe kanthu."

Bamboyo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Anatulutsa foni yake, anatsegula mapu. "Amama, apa ndi pomwe tili. Uku ndi kwanu ku Thyolo." Anaika zala ziwiri pagalasi n'kuzifinya. Thyolo anasowa. Anafinyanso, Blantyre anasanduka kadontho. Anafinya kachitatu, Malawi yense anatsala kakang'ono ngati khoko la nandolo. Anayamba kukweza chala. "Uyu ndi Tanzania. Uyu Kenya. Uyu Ethiopia, pomwe amasinthira ndege. Ndiye apa." Chala chinaima pamalo a buluu.

"Apo ndi chiyani?"

"Ndi nyanja, amama. Yamchere. Mwana wanu ali tsidya ilo, apa."

"Mlatho ulipo?"

"Palibe."

Anawauza kuti kuchoka pa Blantyre kukafika ku Muscat ndi makilomita ngati zikwi zisanu, koma ataona kuti nambalayo sikulowa, anasintha. Anati ndege pa ola limodzi lokha imadutsa mtunda womwe basi imayenda tsiku lathunthu. Ndinaona milomo ya amayi ikugwedera, akuwerengetsa masiku okha. Anapempha foniyo, anaigwira ndi manja awiri, anaika chala chawo chakuda ndi utomoni wa tiyi pa Malawi, nayamba kuchikweza pang'onopang'ono mpaka pa buluu paja. Anabwerezanso. Kachiwirinso chala chinaima pomwepo.

Pamenepo ndi pomwe mkwiyo unandigwira, ndipo sunandisiye mpaka lero. Mayi uja anali ndi foni ngati yomweyo, yaikulu kuposa iyi. Anaiika pamaso pa amayi pakhonde pathu. Kukanangotengera zala ziwiri kuti amayi aone zomwe anaona pa benchi paja, ndipo mng'ono wanga bwenzi lero akudandaula za ganyu ali pakhomo. Anasankha kuwaonetsa maola. Anadziwa kuti kwathu mtunda timauyeza ndi dzuwa ndi miyendo, anatenga muyeso wathu womwewo n'kutimangira nawo. Wakuba wothyola zenera ndimamumvetsa, amabwera ngati wakuba. Uyu anagwada, anapemphera, anawatchula amayi anga kuti amama.

Bambo uja anatiuza maofesi oti tikadandauleko, anati alipo atsikana ena omwe anathandizidwa n'kubwerera, koma zimatenga nthawi. Amayi anathokoza, anatulutsa chinangwa m'jumbo namupatsa. Anakana, iwo anaumirira. "Landirani, bambo. Chinali chapanjira."

Tinakwera minibasi yobwerera kwathu. Tinadutsa Limbe, Bvumbwe, mpaka minda ya tiyi inayamba kuoneka mbali zonse. Titalowa m'malaini, azimayi omwe anali pa mpopi anatiwerenga ndi maso, anaona kuti tapita awiri tabwera awiri, palibe anafunsa. Atsibweni ndinakumana nawo madzulo akupita ku ntchito, chibonga chili m'khwapa. Ndinaima pakati pa njira. Anati, "Mphwanga, ine ndinkafuna zabwino." Ndinawauza kuti za ku Karonga anazinyamula okha kukazipereka kwa mlendo, ndipo ngati ndi eni mbumba akatenge mbumba yawo tsidya la nyanja, asambire. Ndinanena mokweza, laini yonse inamva. Akuluakulu anadzandiuza kuti ndinachita mwano, ndikapepese. Sindinapite.

Kumaofesi kuja tinapitako, analemba dzina la mwanayo, anati tidikire. Amayi anabwerera kumunda. Ankathyola ngati kale, koma anasiya kuyankha nthabwala za anzawo, ndipo foni yanga ikalira ankaimika manja.

Uthenga wotsatira unabwera masana ena tili pa sikelo, pamtunda pomwe netiweki imagwira bwino. Inali nambala ya mtsikana wa ku Uganda uja. Ndinapatuka pang'ono kuti ndimvere ndekha, koma amayi anali atafika kale paphewa panga.

"Achemwali, amayi anyamuka liti? Ndikamakataya zinyalala ndimasuzumira pageti. Auzeni geti lake ndi lobiriwira, pali mtengo wa kanjedza. Asaope ndege, si kutali, ine ndinangogona pang'ono n'kudzuka tafika. Zovala ndalongedza kale."

Ndinayamba kuganiza bodza loti ndimuuze. Ndikanati akukonzekera, akudikira mapepala, alimbe mtima. Chala chinali kale pa kabatani. Amayi anandigwira dzanja.

"Podina ndi pati?"

"Amayi, tiyeni timuuze kuti mwina mwezi wamawa."

"Ndinamunamiza kamodzi ndisakudziwa. Ukufuna ndimunamize kachiwiri ndikudziwa? Podina ndi pati?"

Ndinawaonetsa. Anatula dengu, anapukuta dzanja pa chitenje, anadina, nayandikitsa foni pakamwa.

"Mwanangu, ndine mayi ako. Ndinanyamuka. Ndinafika pa Chileka, andionetsa kumene uli. Pali nyanja, mwanangu. Sindingafike. Achemwali ako akuyenda m'maofesi, sitinagone, koma ine pagetipo sudzandiona. Usamayang'anepo. Masula zovala, uzidya chilichonse akupatsa, usunge mphamvu."

Anachotsa chala. Uthenga unapita, tizizindikiro tiwiri tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo. Foni inaonetsa kuti mng'ono wanga akujambula mawu, kenako inasiya. Inaonetsanso, inasiyanso. Kalaliki wa pa sikelo anaitana nambala ya amayi kawiri, iwo osatembenuka.

Yankho linabwera lalifupi. Ndinadina.

"Ndamva, amayi."

Kumbuyo kwake kunamveka mawu a mzimayi akumukalipira m'chilankhulo chomwe sitichidziwa, ndipo uthenga unathera pomwepo.